Chancellor Anamenya Apongozi

Chancellor Namakhwa anali ndi luso limodzi lomwe ngakhale omuda sankatsutsa, luso lothawa apongozi. Zina zonse zinkamulaka. Denga la nyumba yake linkadontha pamalo enieni ogona, khasu linkamutulutsa matuza asanamalize mzere, ndipo mbuzi imene anayesa kuweta inasamukira yokha kwa aneba. Koma a Teleza, amayi a mkazi wake Callista, akangotulukira pa njira, Chancellor ankakhala atalumphira kale m'munda wa tiyi, atanjuta pakati pa zitsamba, mame akumulowa m'malaya.

Anyamata ambiri masiku ano anazisiya zimenezi, amakwezana pa njinga yamoto ndi apongozi awo. Koma pakhomo pa a Teleza, ku Khwethemule kumene Chancellor ankakhala pa chikamwini, mwambo unali udakali ndi mano. Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, salankhula nawo popanda wapakati, ndipo zowagwira ndi manja sizitchulidwa n'komwe. Kuthawanaku kumatha pokhapokha apongoziwo akakhutira naye, n'kuphika nkhuku, n'kumuitana kuti adye nawo. Jonas, amene anakwatira mng'ono wake wa Callista, anadya nkhuku yake msanga chifukwa anafolera khitchini ya apongozi ndi malata. Chancellor mwana wake woyamba, Tikondane, anafika Sitandade 6 nkhuku isanaoneke.

Zinkamupweteka, ngakhale sankauza munthu. Amayi ake omubala anamwalira iye asanadziwe kumanga mabatani a malaya, ndipo anakula uku ndi uku kwa achibale omwe anali ndi ana awoawo. Chomwe chinkamulimbitsa mtima ndi mawu omwe Callista anamubweretsera tsiku lina kuchokera kunyumba yaikulu.

"Amayi akuti manja mulibe, koma ulemu muli nawo."

Chancellor anataya theka loyamba la mawuwo n'kusunga lachiwiri. Anaganiza kuti ngati Jonas analowera pa malata, iye adzalowera pa ulemu. Kuchokera tsiku limenelo anayamba kuthawa a Teleza ali kutali kwambiri, moti nthawi zina ankathawa amayi ena omwe anangovala chitenje chofanana.

Vuto linali lakuti onse awiri ankagwira ntchito pa esiteti imodzi. A Teleza ankathyola tiyi, ndipo anali ndi liwiro loti atsikana ankawadandaula. Chancellor ankaima pa sikelo pansi pa mtengo wa bulugamu, kuyeza masamba. Nthawi yoyeza ikakwana, dengu la a Teleza linkabwera pamutu pa Lestina, mtsikana wochepa thupi wa gulu lomwelo, ndipo Chancellor ankalengeza makilo akuyang'ana nthambi za mtengo, ngati kuti mwini masambawo amakhala m'mwambamo.

Tsiku lina kunabwera akuluakulu oona za ntchito kudzayendera esiteti. Anafunsa a Mathew, a manijala, kuti munthu akavulala kumunda amathandizidwa bwanji. A Mathew anawalozera monyadira bokosi loyera lomwe linali pamwamba pa kabati mu ofesi. Linali lokhoma, ndipo kiyi anapita naye kalaliki wina amene anapuma pantchito kalekale. Atalithyola anapezamo bandeji imodzi yachikasu ndi ukalamba, ndi mazira a nalimata. Alendowo sanakwiye. Anangokumbutsa a manijala kuti lamulo limakakamiza wolemba anthu ntchito kuika bokosi lodzaza pamalo pomwe anthu akugwirira ntchito, osati pomwe bwana amamwera tiyi, komanso kuphunzitsa anthu oligwiritsa ntchito, zonse zolipira kampani. Anati adzabweranso kudzaona.

Sabata isanathe, gulu lililonse linasankhidwira munthu wokaphunzira chithandizo choyamba, chomwe aliyense pa esiteti ankangochitchula kuti fesiti edi. Dzina la Chancellor linatuluka. Iye anakhulupirira kuti mabwana aona nzeru zomwe apongozi sankaziona. Mnzake Ben, woyendetsa thirakitala yonyamula masamba, amenenso anasankhidwa, anamuuza zoona zake.

"Aise, akusankha chifukwa umaima malo amodzi tsiku lonse. Munthu atavulala sangavutike kukusaka. Komanso manja akowo sakhala ndi chochita."

Chancellor anati imeneyo ndi nsanje.

Maphunziro anachitikira m'holo ya pa fakitale. Wophunzitsa anali mayi Angella, namwino wopuma pantchito wa ku Makwasa, wa mpingo wa Sabata weniweni, amene anakana tiyi masiku onse a maphunziro ngakhale fungo lake linkalowera pa mawindo. Anabwera ndi chidole chopanda manja ndi miyendo chophunzirira kudzutsa mtima. Ophunzira anachitcha Malemu, chifukwa ngakhale anachipsinja pamtima ndi kuchiuzira mpweya mpaka chizungulire, sichinadzukepo. Anaphunzira kumanga bala la chikwanje, chochita munthu akalumidwa ndi njoka, ndi kugoneka cham'mbali munthu wokomoka. Tsiku lomaliza mayi Angella anafika pa za kutsamwa.

"Munthu akatsamwa koma akutsokomola, msiyeni atsokomole," anatero mayi Angella. "Mawu akasiya kutuluka, nthawi yonyengerera yatha. Madzi musamupatse. Muweramitseni, mum'menye pakati pa mapewa ndi chikhatho, mwamphamvu, osati ngati mukumukutumula fumbi. Zikakanika imani kumbuyo kwake, mum'kulunge ndi manja, chibakera pamwamba pa mchombo, n'kukokera mkati ndi m'mwamba. Akapuma, apitebe kuchipatala."

Chancellor anakweza dzanja.

"Madamu, ine ngakhale atatsamwa a manijala ndikhoza kuwamenya. Ndipo ndingawamenye bwino."

Holo yonse inaseka, ndipo Chancellor anamva kukoma. Ben anadikira kuti phokoso lichepe.

"Nanga atatsamwa apongozi ako?"

"Amenewo sangatsamwe, aise. Kukhosi kwawo kumadutsa mawu usana ndi usiku, njira yake inatakasuka ngati msewu wa ku Limbe."

Anthu anasekanso, koma mayi Angella sanaseke. Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mpweya sudziwa chibale, bambo."

Chancellor anabwerera ku sikelo ndi satifiketi, kansalu kobiriwira kovala pamkono, ndi bokosi latsopano lomwe analipachika pa msomali pa bulugamu uja. Amayi a gulu anayamba kumutcha adokotala, ndipo iye sanazindikire msanga kuti akumuseka. Kayendedwe kanasintha. Mayi wina atakalika ndi kamtengo pa chala, anamumanga bandeji mpaka pa chigongono. Chochititsa manyazi n'chakuti mumtima ankalakalaka kangozi, kakang'ono chabe, kopanda maliro, koti kachitike a Teleza ali pafupi, aone okha ndi maso awo kuti mkamwini wawo si mlonda wa sikelo basi.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Linali Lachinayi, tsiku wamba, dzuwa lili paliwombo, gulu litakhala pa mthunzi kupumula. A Teleza anakhala chakumapeto, atafulatira sikelo monga mwa nthawi zonse, akudya chinangwa chophika chomwe anatenga kunyumba. Lestina ndiye anayambitsa.

"Adokotala, tiphunzitseniko zomwe munakaphunzira zija. Munthu akakomoka mumatani?"

Chancellor sanadikire kufunsidwa kawiri. Palibe mayi amene anavomera kugona pansi, choncho anagona yekha, kuti aonetse mmene mwendo umapindidwira ndi pomwe dzanja limakhala. Ankalongosola mokweza kuti mawu afike chakumapeto kuja. Sanayang'ane pomwe ankagona, ndipo pamenepo pankadutsa mzere wa linthumbu. Munthu wokomoka uja anadzuka ngati waponda moto, akudzimenya m'miyendo, kuvina gule wosadziwika, lamba wa buluku ali m'manja.

Amayi anagubuduka ndi kuseka. A Teleza nawonso, omwe anali atacheuka mwakabisira, anaseka chinangwa chili m'kamwa. Kuseka kwawo kunadukira pakati.

Woyamba kuona anali Lestina. A Teleza anali ataimirira, manja onse ali pakhosi, kukamwa kuli yasa koma osatuluka mawu. Mayi wina anathamangira botolo la madzi, wina anayamba kuwasisita pamsana, wina anayamba kale kulira.

"Adokotala, bwerani, amayi atsamwa!"

Chancellor anatsomphola bokosi pa msomali n'kuthamanga. Koma miyendo yomwe yakhala ikuthawa munthu kwa zaka zonsezo ili ndi nzeru zakezake. Atatsala pang'ono kufika inangoima yokha. Anapezeka atanjuta, akuomba m'manja, nkhope italoza kumbali.

"A Lestina, auzeni amayi kuti ayesetse kutsokomola."

"Akumva okha, koma sizikutheka!"

"Madziwo ayi, musawapatse. A Lestina, aweramitseni, muwamenye pamsana."

Lestina anawamenya monga mmene mtsikana woleredwa bwino amamenyera mayi wamkulu, kapamapama kosadzutsa ngakhale khanda. Chancellor anati amenye kwambiri. Lestina anayesanso, akulira, ndipo ulendo uno zinachepa kuposa poyamba. Anamuuza kuti awakulunge ndi manja, koma timanja ta Lestina sitinakumane n'komwe kutsogolo kwa a Teleza. Chancellor anatsegula bokosi, osadziwa chomwe akufunamo. Munali bandeji, thonje, sizasi ndi magolovesi, ndipo chilichonse chinkaoneka chatsopano ndi chopanda ntchito. Anayang'ana kumsewu ngati Ben akubwera ndi thirakitala. Kunali zii.

Mutu wake unali kuwerengera zopusa. Akawakhudza, ulemu uja watha, ndipo ulemu ndi chokhacho chomwe anali nacho pakhomo paja. Mkamwini womenya apongozi pagulu, n'kuwakumbatira m'chiuno amayi onse a esiteti akuona, amangolongedza katundu. Nkhuku ija sadzaiona. Anachita mantha, ndipo anachitanso manyazi kuti pa nthawi ngati imeneyi akuganiza za nkhuku.

Kenako anachita chomwe anali asanachitepo chikwatirire. Anawayang'ana kumaso. Milomo ya a Teleza inali itayamba kuda, maso atatong'oka, mawondo akugwedera. Ndipo maso amenewo ankayang'ana iye, osati Lestina, osati mtengo.

Anaimirira.

"Pepani amayi," anatero, n'kuwaweramitsa. Dzanja lomwe linkalephera khasu linatera pakati pa mapewa awo, phaa, moti mbalame zinauluka mu bulugamu.

"Pepani amayi." Phaa.

"Pepani kwambiri amayi." Phaa.

Amayi ena anaphimba kumaso. Chinangwa sichinasunthe. Chancellor anatseka maso, n'kuzungulira kumbuyo kwawo, n'kuwakulunga ndi manja onse awiri. Anapeza mchombo pamwamba pa chitenje, naika chibakera monga anaphunzitsira mayi Angella, nakoka. Palibe chinachitika. Anakokanso, akupepesabe. Ulendo wotsatira anakoka ndi mphamvu zonse zomwe anasunga posalima, mpaka mapazi a a Teleza anachoka pansi. Chibenthu cha chinangwa chinauluka n'kukagwera m'bokosi muja, pakati pa thonje.

A Teleza anakoka mpweya ndi phokoso loopsa, n'kuyamba kutsokomola. Anakhala pansi, misozi ikuyenderera, akupuma. Amayi anawazungulira. Atatembenuka kuti athokoze adokotala, anapeza kansalu kobiriwira kokha kali pansi. Mwini wake anali atalowa m'munda wa tiyi, ndipo pamwamba pa zitsamba pankaoneka pomwe akudutsa chokwawa.

Anatulukamo atamva thirakitala. Ali kuseri kwa bulugamu anauza Ben kuti amayi apite nawo ku kiliniki ya esiteti akawaone nthiti, chifukwa ndi zomwe anaphunzira. Ben atamva nkhani yonse kwa Lestina anagwira chiwongolero n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Aise, ena timangolota. Iwe wamenyadi apongozi, masana, mboni zilipo, ndipo kampani ikuthokoza."

Anathokozadi. A Mathew anabwera okha ndi galimoto, n'kumugwira chanza, n'kunena kuti oyendera aja akadzabweranso adzamuitane afotokoze. Chancellor anangoti zikomo bwana. A manijala anali ochokera kutali, sakanamvetsa kuti munthu amene akumuyamikirayo watsala pang'ono kusowa pogona.

A Teleza anabwerako ku kiliniki tsiku lomwelo. Nthiti zinali zonse, koma anawapatsa masiku opumula. Kunyumba yaikulu sikunachoke mawu alionse. Chancellor ankatuluka m'mamawa kudzera kuseri kwa khola, n'kubwerera njira yomweyo. Callista atamufunsa chomwe akuzembera, anati akuyendera mpanda. Mkaziyo anamuyang'ana nthawi yaitali, maso ali ofiira. Chancellor anatsitsa chikwama chake chakale pa denga n'kuchikutumula fumbi, kuti zikavuta asachedwe.

Lamlungu atabwerako ku tchalitchi, Callista analowa m'nyumba ndi uthenga.

"Amayi akuti munawagwira. Akufuna nkhuku."

Chancellor anamasulira yekha uthengawo. Chindapusa chinali chitafika, ndipo pambuyo pa chindapusa pamabwera ankhoswe. Anali ndi nkhuku imodzi yokha, thadzi lamawangamawanga lomwe linapulumuka chitopa. Analithamangitsa kuzungulira nyumba ana akumuseka, mpaka Tikondane anamugwirira. Callista analitenga n'kupita nalo kunyumba yaikulu.

Dzuwa litapendeka anamuitana kunyumba yaikulu. Anavala malaya a ku tchalitchi, poganiza kuti munthu azithamangitsidwa akuoneka bwino. Anafika m'mphepete mwa bwalo n'kunjuta, akuomba m'manja, nkhope italoza ku nkhokwe. Ankhoswe sanawaone. Jonas anali pa khonde la khitchini yake ya malata ija, akunamizira kukonza wailesi.

"Bambo a Tikondane."

Mawuwo ankawadziwa bwino, koma anali asanawamvepo akubwera kwa iye. Anadikira kuti Callista awabwereze.

"Bambo a Tikondane, tembenukani. Ndikulankhula ndi inu, osati ndi nkhokwe."

Anatembenuka pang'onopang'ono. A Teleza anali pa mphasa, atatsamira khoma mosamala ngati munthu amene msana ukumukumbutsa zinazake. Patsogolo pawo panali mbale zovundikira ndi beseni la madzi.

"Ndinakuonanitu," anatero a Teleza. "Ine ndikufa, inu mukuomba m'manja."

"Pepani amayi."

"Pepani wanuyo ndamumva wokwanira. Nthiti zanga zikumudziwa. Mukati pepani, ine ndiziyamba kuthawa."

Callista anaseka ali pakhomo, kenako anapukuta m'maso ndi chitenje.

"Ndinkauza mwana wangayu kuti manja mulibe," anapitiriza a Teleza. "Ndinalakwa. Muli nawo, ndipo ndi olemera. Ulemu womwe ndinkakutamani nawo uja ndi umene ukanandiika m'manda. Mukanapitiriza kunjuta paja, lero bwenzi anthu akubalalika pa maliro, akunena kuti mayi uja anali ndi mkamwini waulemu."

A Teleza anavundukula mbale. Munali thadzi la Chancellor lija.

"Yanga sindikanapha, ikuikira. Senderani kuno. Sambani m'manja, mwananga."

Anasendera chokwawa mpaka pa mphasa. Anasamba. Anatenga kachidutswa kakang'ono, koma a Teleza anamulanda n'kumuikira ntchafu. Anthu awiri omwe akhala pakhomo limodzi zaka zonsezo anayamba kudya mbale imodzi, ndipo wailesi ya Jonas inasiya kukonzedwa.

"Tsopano popeza tayamba kulankhulana," anatero a Teleza akutafuna mosamala kwambiri, "pali za denga lija. Mvula ili pafupi. Manja omwe anandinyamula ine m'mwamba sangalephere mtolo wa udzu. Tikamaliza za denga tikambe za munda wa kumtsinje."

Chancellor anazindikira kuti njira yotakasuka ija waitsegula yekha, ndipo tsopano yaloza kwa iye popanda wapakati. Anafuna kuseka. Koma mawu akuti mwananga anali atamukhala pakhosi, ndipo kuseka, misozi ndi nyama zinakumana malo amodzi. Anayamba kutsokomola.

A Teleza sanaombe m'manja, sanatume munthu. Anatambasula dzanja n'kumumenya pakati pa mapewa, phaa, kubweza ngongole yonse ya Lachinayi lija.

Chancellor ankadziwa bwino lomwe kuti munthu amene akutsokomola samenyedwa, amangosiyidwa atsokomole. Anali ndi satifiketi yake. Koma sananene, chifukwa atamumenya, a Teleza sanachotse dzanjalo. Linakhala pamsana pake, likusisita pang'onopang'ono, ndipo iye sankakumbukira kuti ndi liti pamene dzanja la mayi linakhalapo pamenepo. Anaweramira pa mbale n'kupitiriza kutsokomola, ngakhale kukhosi kunali kutayera kale.